Mbuzi zotulutsa mankhwala a anthu mumkaka wake: kodi ndi zoona?

MkamaWaBembeke
Moni nonse pagulu pano. Pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka. Mwana wa mlongo wanga, uja akuphunzira za ziweto, anabwera kudzationa. Madzulo ndikukama mbuzi zanga ziwiri za mkaka, iye atandigwirira mwendo wa yovuta ija kuti isaponde m'ndowa, anangoti, "Malume, mukudziwa kuti kunja kuli mbuzi zomwe anaziika kachidutswa ka chibadwa cha munthu, ndipo mkaka wake umatuluka ndi mankhwala a kuchipatala?" Ndinamuuza kuti asandiseweretse. Koma mwanayu si wabodza, ndamulera ndekha.

Ndiye ndithandizeni. Kodi ndi zoona? Ngati zili zoona, imeneyo idakali mbuzi? Ndipo chomwe chikundiopsa kwambiri ndi ichi: ife timalandira atonde ndi misoti kudzera m'magulu opatsirana ziweto osafunsa komwe zachokera. Mkaka wa mbuzi zanga amamwa adzukulu anga m'phala tsiku lililonse. Nanga tsiku lina atatibweretsera yoteroyo, tingaidziwe bwanji?

Kanyenya_Chimbiya
Bodza limenelo bambo. Ndasenda mbuzi zaka 14, m'kati mwake ndi chimodzimodzi zonse.

Aphunzitsi_aSayansi
A Mkama, mphwanuyo sananame. Mankhwala oyamba otere dzina lake ndi ATryn. Anapangidwa ndi kampani ya GTC Biotherapeutics ya ku Massachusetts, ku America. Mayiko a ku Ulaya anawavomereza mu 2006, ndipo bungwe loona za mankhwala ku America, la FDA, linawavomereza mu 2009. M'kati mwake muli puloteni yotchedwa antithrombin, yomwe tonsefe tili nayo m'magazi. Ntchito yake ndi kuletsa magazi kuundana m'mitsempha pomwe sakuyenera kuundana. Pali anthu ena obadwa nayo yochepa, ndipo akamachitidwa opaleshoni kapena mayi akamachira, magazi amatha kuundana m'mwendo, chibuluma n'kuyenda mpaka kukatseka m'mapapo. Kale puloteni imeneyi ankaitenga m'magazi a anthu opereka magazi basi. Kenaka anapeza njira yoti mbuzi izipanga m'bere mwake.

A Kanyenya, mukunena zoona kuti m'kati ndi chimodzimodzi. Mutaisenda simungaone kusiyana. Kusiyanako kuli mu jini imodzi yokha pakati pa majini masauzande ambirimbiri a mbuziyo.

Anachisale_Mayani
Majini?? Aphunzitsi, ndiye mwavomereza nokha kuti muli majini. Kwathu kuno munthu wa majini timamudziwa mmene amachitira.

Aphunzitsi_aSayansi
Ayi mayi, pepani, mawuwa angofanana kamvekedwe. Si mizimu ija. Ndikunena malangizo a chibadwa omwe ali m'maselo a chamoyo chilichonse, omwe amachititsa kuti mwana atenge mphuno ya bambo ake, kapena kuti mbatata ya kachewere ina ikhale yofiira khungu ina yoyera. Jini imodzi ili ngati tsamba limodzi la malangizo a kapangidwe ka puloteni imodzi.

Anachisale_Mayani
Chabwino ndamva. Komabe mtima sunakhazikike.

MwanaWaBunda
Ndiwonjezere pa zomwe anena aphunzitsi, chifukwa funso la a Mkama loti "idakali mbuzi?" yankho lake lili m'kachitidwe kake.

Jini iliyonse ili ndi kachigawo kutsogolo kwake komwe kamalamula kuti igwire ntchito pati komanso liti. Zili ngati adiresi pa envelopu. Mbuzi ili ndi jini yopanga puloteni ya mumkaka yotchedwa beta-casein, ndipo adiresi yake imati "m'bere mokha, nthawi yoyamwitsa yokha." Akatswiri anadula adiresi imeneyo n'kuilumikiza ku jini ya munthu yopanga antithrombin. Kenaka amatenga dzira la mbuzi lomwe langokumana kumene ndi umuna, n'kulibaya ndi kasingano ka galasi kowonda kuposa tsitsi, akuyang'ana pa makina okuza tinthu ting'onoting'ono. Mluzawo amauika m'chiberekero cha mbuzi ina kuti iubereke. Mwa ana obadwawo, owerengeka okha ndi amene jiniyo imagwira. Msoti womwe yagwira ukakula n'kuswa, bere lake limawerenga adiresi ija n'kuyamba kupanga puloteni ya munthu limodzi ndi mkaka wake wa nthawi zonse.

Ndiye imadya udzu, imabzikula, imalira ngati mbuzi, bere lake ndi la miyezi isanu ngati zanu za ku Bembeke. Ana ake ena amatengera jiniyo, ena ayi.

Ndipo mkakawo sakumwetsa wodwala. Amauchotsa mafuta, kuusefa kambirimbiri, kuutenthetsa kuti tizilombo tife, mpaka kutsala puloteni yokhayo ngati ufa m'kabotolo. Adokotala amausungunula n'kuupereka kudzera mumtsempha. Mutaumwa, m'mimba mungaugaye ngati mmene mumagayira nyemba, osathandizika nawo.

Kanyenya_Chimbiya
Nanga bwanji osangopanga ku fakitale ngati panado? Kuvutitsa mbuzi chifukwa chiyani?

MwanaWaBunda
Panado ndi kanthu kakang'ono, amasakaniza makemikolo basi. Puloteni ndi chinthu chachikulu chopindikapindika, chimafuna selo lamoyo kuti lichipange. Insulin ya odwala shuga ndi yaing'ono, ndiye kuyambira 1982 amaipangitsa mabakiteriya omwe anawaika jini ya munthu. Izi zisanachitike ankaifinya m'kapamba wa nkhumba ndi ng'ombe. Koma mapuloteni ena monga antithrombin amafunika kumatidwa timashuga tina pamwamba pake kuti agwire ntchito bwino m'thupi, ndipo bakiteriya satha kumata timeneti. Maselo a nyama zoyamwitsa ndiwo amatha. Makampani ambiri amalera maselo oterowo m'mathanki akuluakulu a chitsulo, koma kumanga fakitale yake ndi ndalama zoopsa. Bere la mbuzi linalengedwa kale kuti lizithira puloteni wambiri mumkaka tsiku ndi tsiku, ndipo ukafuna wochuluka umangochulukitsa mbuzi.

WaSabata_Lobi
Ine ndili ndi vuto ndi zimenezi ndipo sindibisa. Malemba amati chilichonse chibale monga mwa mtundu wake. Munthu ndi munthu, mbuzi ndi mbuzi. Lero ndi jini imodzi, mawa khumi, mkuja tidzaimira pati? Ndamvanso kuti ena akukama akalulu. Kalulu pa Levitiko 11 ndi nyama yodetsedwa. Munthu wopemphera alole zimenezo zilowe m'magazi mwake?

MwanaWaBunda
Za akalulu ndi zoona achimwene. Kampani ya Pharming ya ku Leiden, dziko la Netherlands, imapanga mankhwala otchedwa Ruconest kuchokera mumkaka wa akalulu. Ulaya anawavomereza mu 2010, America mu 2014. Ndi a anthu obadwa ndi vuto lotupa mwadzidzidzi nkhope, manja, matumbo, nthawi zina kukhosi mpaka kubanika. Anasankha kalulu chifukwa amaswa pakangotha mwezi umodzi ndipo mkaka wake ndi wokhathamira ndi puloteni.

Kilinikala_Mtakataka
Achimwene a ku Lobi, chikhulupiriro chanu ndimachilemekeza ndipo sindikufuna kukutsutsani pa Malemba, inu mumawadziwa kuposa ine. Ndingokuuzani zomwe zili kale m'zipatala. Heparin, mankhwala omwe timabaya kuti magazi asaundane, amachokera m'matumbo a nkhumba. Mankhwala a munthu wolumidwa ndi njoka amachokera m'magazi a akavalo. Makapisozi ambiri chikopa chake ndi cha gelatin wa ku mafupa ndi zikopa za nyama. Ndathandizapo Asilamu ndi a Sabata omwe, ndipo amene ndinakambirana nawo ambiri anasiyanitsa kudya chinthu mwa kufuna kwako ndi kulandira chithandizo moyo uli pachiswe. Koma wodwala ali ndi ufulu wouzidwa komwe mankhwala achokera, asankhe yekha. Pamenepo ndili nanu.

WaSabata_Lobi
Za heparin sindimadziwa. Ndikafunsa akulu a mpingo. Koma funso langa la malire silinayankhidwe.

Aphunzitsi_aSayansi
Silinayankhidwe ndithu, ndipo si la asayansi okha. Ndi la tonse, n'chifukwa chake pamafunika malamulo.

WaKuJoni_Golomoti
Inu mukukhulupirira azungu? Mu 2002 nthawi ya njala anatibweretsera chimanga cha GMO, chosinthidwa chibadwa chija, Zambia inakana. Ife tinalandira. Kuyambira pamenepo matenda a shuga ndi BP ali ponseponse. Amayesera zinthu zawo pa ife.

Aphunzitsi_aSayansi
A ku Joni, tiyeni tikonze pang'ono. N'zoona Zambia inakana. Malawi inalandira koma inati chimangacho chigayidwe kaye kuti anthu asachibzale. Chaka chomwecho cha 2002 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo loyang'anira zamoyo zosinthidwa chibadwa, la Biosafety Act. Thonje la Bt, losamva mbozi lija, linayesedwa ku Bunda kuyambira 2013 lisanaloledwe kwa alimi mu 2019. Zoti shuga ndi BP zinabwera ndi chimanga chija palibe umboni wake. Chimanga chomwecho anthu a ku America ankadya okha, ndipo komwe muliko ku Joni ufa wambiri wa m'mashopu ndi wa chimanga cha GMO.

Kukayikira kwanu ndikukumvetsa, sikuchokera pachabe. Koma pa nkhani ya mbuziyi vuto lathu ndi lina: mankhwalawa sakutiyesera, sakutifika n'komwe.

Amake_aAnyamata
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, koma apa ndilankhule.

Mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka 13. Ali ndi matenda osaundana magazi, kuchipatala amati haemophilia. Tinazindikira ali ndi zaka zitatu, atagwa pakhonde n'kudziluma lilime. Kabala kake kanali kochepa ngati njere ya mpunga, koma magazi anatuluka usiku wonse. Ndinasintha zitenje zitatu pa pilo. Kutacha milomo yake inali itayera ngati phulusa. Pachipatala china chaching'ono anandikalipira kuti ndikukokomeza, akuti mwana aliyense amadziluma. Tinapita kwina, ndi komwe anamuika magazi.

Mlongo wanga, amalume ake a mwanayu, anamwalira ali ndi zaka 16 atazulidwa dzino. Kumudzi anati walodzedwa, ndipo agogo ena a mbali ya bambo athu anasalidwa mpaka kumwalira kwawo. Patapita zaka 20 ndi pomwe dokotala anandijambulira papepala kuti matendawa amayenda kudzera mwa ife amayi n'kugwira ana aamuna. Ndinalira, osati chifukwa cha mwana wanga yekha, koma agogo aja.

Panopa bondo lake lakumanja likatupa limatentha ngati mbatata yootcha, sagona, sapita kusukulu sabata yathunthu. Mankhwala ake a m'kabotolo amapezeka kuchipatala chachikulu chokha, ndipo pena timafika atatha. Thiransipoti yapita, tibwerere.

Ndiye inu mukamakangana zoti mbuzi idakali mbuzi kapena ayi, ine funso langa ndi limodzi. Kodi mwa nyama zimenezi ilipo yomwe ikupanga mankhwala a mwana wanga? Akhale a kalulu, akhale a mbuzi, ine ndikalandira ndi manja awiri.

Anachisale_Mayani
Pepani achemwali. Mulungu akulimbitseni. Ndakhudzidwa kwambiri ndi za agogowo.

WaSabata_Lobi
Mayi, sindinalankhule kuti ndikupwetekeni. Mwanayo tizimukumbukira m'mapemphero.

Kilinikala_Mtakataka
Amake a anyamata, ndikuyankheni mosakunamizani. Alipo amodzi okhudza haemophilia. Dzina lake ndi Sevenfact, a kampani ya LFB ya ku France, ochokera mumkaka wa akalulu, ndipo America inawavomereza mu 2020 kwa odwala a zaka 12 kupita m'tsogolo. Koma si a wodwala aliyense. Ambiri a haemophilia amasowa puloteni yotchedwa factor VIII, ena factor IX, ndipo chithandizo chawo ndi kuwabwezera yomwe ikusowayo. Pali ena omwe thupi lawo limayamba kulimbana ndi factor yomwe akupatsidwa, moti imasiya kugwira ntchito. Sevenfact ndi ya amenewo, imadutsa njira ina kuti magazi aundane. Ngati mwana wanu akalandira kabotolo kake magazi amasiya, ndiye kuti zomwe akufunika ndi factor yomweyo kuti izipezeka nthawi zonse, ndipo imeneyo imapangidwa kuchokera m'magazi a opereka kapena m'mathanki aja.

Anayesapo kuti nkhosa zizipanga factor IX. Nkhosa yotchedwa Polly inabadwa mu 1997 ku Scotland ili ndi jini imeneyo, kwa akatswiri omwewo a Roslin Institute ndi kampani ya PPL Therapeutics omwe anapanga Dolly mu 1996, nkhosa ija yochokera ku selo la nkhosa ina popanda kukweretsa. Sizinafike pokhala mankhwala a pamsika.

Pakadali pano, izi mwina mukuzidziwa kale koma ndinenere ena omwe akuwerenga: mwana wotere asamwe asipilini kapena bulufeni, zimawonjezera kutaya magazi. Asabayidwe jakisoni wa m'mnofu popanda dokotala kudziwa vuto lake. Mdulidwe kapena kuzula dzino zisachitike asanakonzekere ndi factor. Ndipo ana aamuna a achemwali anu akayezedwe.

Amake_aAnyamata
Zikomo adokotala. Akalandira amasiya, pakangotha maola ochepa amayamba kuseka. Za ana a mng'ono wanga sindinaganizepo, ali ndi wamwamuna wa miyezi isanu ndi itatu. Ndimuimbira usiku uno.

Kanyenya_Chimbiya
Koma anthu inu, mbuzi zakwera mtengo bwanji chaka chino? Pamsika Lachitatu sindinagule ngakhale imodzi. A Mkama mulibe tonde wogulitsa?

MlimiWaKabichi_Lizulu
Akuba ndi omwe akweza. Kwathu anathyola makola atatu sabata imodzi. Khola lam'mwamba silithandizanso, amabwera ndi njinga zamoto.

Admin_Dedza
Abale, za msika ndi za akuba tsegulani mutu wina. Pano tipitirize ya a Mkama.

Nangozo_waKuThete
Ine ndibwerere kwa nyamazo, chifukwa palibe wazilankhulira. Mwana wa Bunda wanena mwachangu kuti "owerengeka okha ndi amene jiniyo imagwira." Nanga enawo amapita kuti? Nanga atonde, poti sakamidwa? Ine mbuzi yanga ikamavutika kuswa ndimagona m'khola. Zomabaya mahomoni, kung'amba pamimba kuchotsa mazira, kuika mluza mwa ina, zonsezo ndi ululu. Ndipo kalulu kumukama ndi makina, kanyama kamantha kaja.

MwanaWaBunda
Anangozo, simunalakwe. Poyambitsa gulu la nyama zotere pamawonongeka mazira ndi nyama zambiri, ndipo zosafunikazo kawirikawiri zimaphedwa. Ndi chifukwa chake mabungwe oteteza nyama ku Ulaya akhala akutsutsa kuyambira nthawi ya Herman, ng'ombe yamphongo yomwe inabadwa ku Netherlands mu 1990 ili ndi jini ya munthu ya lactoferrin, puloteni ya mumkaka. Gulu likakhazikika zimangoswana mwa nthawi zonse, ndipo zimasamalidwa kwambiri, chifukwa mbuzi yodwala ndi mankhwala otayika. Koma kusamalidwa chifukwa ndiwe wa ndalama sikufafaniza zomwe zinachitikira zinzake poyamba. Ine ndimaona kuti n'koyenera pomwe palibe njira ina yabwino yopezera mankhwalawo. Pomwe thanki ingathe, thanki igwire ntchito.

Ndipo musaganize kuti zonse zinayenda bwino. Nkhosa yotchedwa Tracy, yobadwa mu 1990 ku Scotland, inkatulutsa puloteni yoti izithandiza pa matenda a m'mapapo yochuluka zedi mumkaka wake, dziko lonse linachita nayo chidwi, koma ntchitoyo inaimitsidwa mu 2003 mankhwala asanafike pamsika. ATryn yemwe uja chilolezo chake ku Ulaya chinachotsedwa kampani itapempha yokha. Patha zaka zoposa 30 chiyambireni, ndipo mankhwala ochokera mumkaka omwe anavomerezedwa ukhoza kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

MkamaWaBembeke
Ndaphunzira zambiri, koma funso langa lachitatu lija mwalidumpha nonse. Tonde wotere angafike m'khola mwanga?

Aphunzitsi_aSayansi
Pepani bambo. Ayi, musade nkhawa. Mbuzi zimenezi zimakhala pa famu yotsekedwa, iliyonse ili ndi nambala yake, siziloledwa kugulitsidwa, ndipo nyama kapena mkaka wake siziloledwa kulowa m'zakudya za anthu. Kwa eni ake mbuzi imodzi ndi chuma choposa khola lanu ndi langa kuphatikiza, sangaipereke kwa gulu lopatsirana. Kulowetsa nyama yosinthidwa chibadwa m'dziko muno kumafunanso chilolezo cha boma pansi pa lamulo la 2002 lija. Zomwe timalandira kuno monga Saanen ndi Boer ndi mitundu yosankhidwa pokweretsa, si zoikidwa jini.

Chomwe muyenera kuopa pa tonde wachilendo ndi matenda omwe angabwere nawo. Muzimupatula kaye milungu ingapo, alangizi amuone, ndipo mkaka wa adzukulu muziuwiritsa nthawi zonse.

MwanaWaBunda
Koma ilipo mbuzi imodzi yomwe ine ndikanakonda itafika ku Bembeke, ndipo ndi yomwe imandipweteka mtima. Ku yunivesite ya California, ku Davis, akatswiri awiri, James Murray ndi Elizabeth Maga, anapanga mbuzi zotulutsa lysozyme wa munthu mumkaka. Lysozyme ali m'misozi, m'malovu, ndipo ndi wochuluka kwambiri mumkaka wa m'mawere a mayi. Amaswa khungu la mabakiteriya ena, ndi chimodzi mwa zomwe zimateteza mwana woyamwa ku matenda otsegula m'mimba. Mumkaka wa mbuzi wamba alimo wochepetsetsa. Mkaka wa mbuzi zawozo ndi womwa, osati wobaya. Atauyesa pa ana a nkhumba odwala m'mimba chifukwa cha bakiteriya wa E. coli, omwe anamwa mkaka umenewu anachira msanga kuposa omwe anamwa wa mbuzi wamba. Anagwirizananso ndi akatswiri a ku Fortaleza, dziko la Brazil, kuti ntchitoyi ifike kumadera osauka a kumeneko.

Taganizani mwana wosiyitsidwa kuyamwa m'miyezi ya dzinja, madzi a pachitsime atadetsedwa, phala lake muli mkaka umenewo. Safuna firiji, safuna jakisoni, safuna fakitale yosefera. Koma zaka zadutsa mbuzizo zikadali za kafukufuku, sizinafike kwa ana. Mankhwala a matenda osowa omwe amagulidwa modula ku America anapeza makampani owakankha. Mkaka wa mwana wa mlimi ulibe woukankha.

WaKuJoni_Golomoti
Ndiye mwabwera ku mawu anga aja. Pomwe pali ndalama amathamanga.

Kilinikala_Mtakataka
Pa ndalama mukunena zoona a ku Joni. Koma mwana wa Bunda, tisathamange. Ana a nkhumba si ana a anthu. Chinthu chomwetsa makanda chiyenera kuyesedwa mokwanira, ndipo ine sindingafune kuti mayi asiye kuyamwitsa poganiza kuti mbuzi yalowa m'malo mwake. Otsegula m'mimba omwe ndimawaona kuno ambiri akanapulumuka ndi madzi aukhondo, katemera wa rota, thanzi ORS ndi zinki, zomwe tili nazo kale koma sizifika paliponse.

MwanaWaBunda
Ndikuvomera adokotala, iyesedwe mokwanira. Dandaulo langa ndi loti ipatsidwe mpata woyesedwawo. Ndipo ikadzayesedwa, akatswiri athu akhalepo pa chiganizocho, osangolandira zomaliza.

Nangozo_waKuThete
Imeneyo ya ana ndingaimvetse. Koma ndikanafuna ndidziwe kaye ngati bere la mbuziyo silivutika nazo.

Amake_aAnyamata
Ndamuimbira mng'ono wanga. Akuti mwana uja ali ndi zipsera zakuda m'mawondo chiyambireni kukwawa, amaganiza kuti ndi simenti ya pabalaza. Adokotala, tipite naye kuti, ndipo tikanene chiyani kuti asatibweze?

Kilinikala_Mtakataka
Pitani kuchipatala cha boma cha boma lanu, musadikire kuti avulale. Tengani buku la kuchipatala la mwana wanu wamkuluyo, mukawaonetse pomwe panalembedwa matenda ake. Mukanene momveka kuti amalume awo anamwalira ndi kutaya magazi atazulidwa dzino, ndipo mukupempha kalata yotumiza mwanayo kuchipatala chachikulu kuti akayezedwe kaundanidwe ka magazi. Akafuna kumubaya katemera, anamwino adziwitsidwe kaye. Ndilembereni kumbali mukakonza tsiku.

MkamaWaBembeke
Amake a anyamata, mukamapita ku Lilongwe mundiuze. Lachiwiri lililonse ndikatula mkaka wa ng'ombe ku bulking m'mawa ndimakwera galimoto ya mlamu wanga yonyamula mbatata, kutsogolo kumakhala malo a anthu awiri. Timanyamuka pa Bembeke 6 koloko.